Masiku 94 osalawa dontho

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Johannesburg sichinakupweteke. Kuno mwera wafika, nyanja yalusa, ndipo usipa wakwera mtengo. Mayi ako ndinawaona Lamulungu, ali bwino, akungodandaula mawondo.

Ndalemba kalata m'malo mokuimbira pa WhatsApp chifukwa zimene ndikufuna kukuuzazi pakamwa zingandikanike. Lero ndakwanitsa masiku 94 ndisanalawe mowa. Ndikudziwa kuti malonjezo anga unatopa nawo. Nthawi ija boma linaletsa mowa wa m'masacheti ndinalumbira pamaso pako kuti basi ndasiya, koma sabata isanathe ndinali kale kwa otcheza kachasu. Ulendo uno chasintha n'chakuti sindili ndekha.

Mu Malichi mlamu wako anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Malindi. Ndinangoti kuyambira lero sindimwanso. Tsiku lachiwiri manja ankanjenjemera moti tiyi ankatayikira pa thalauza, thukuta lili kamukamu. Usiku wachitatu ndinkaona tizilombo tikukwera khoma. Mnansi wanga ndiye anandikweza pa kabaza mpaka kuchipatala cha pa boma. Adokotala anandiuza mosabisa kuti munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri asamasiye mwadzidzidzi ali yekha, chifukwa angathe kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Anatchula St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komanso chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, koma m'thumba mwanga munalibe ngakhale ya minibasi. Tsiku lotuluka, namwino wina ananditengera pambali n'kundinong'oneza za kagulu ka anthu osiya mowa kamene kamakumana Lachiwiri ndi Loweruka madzulo.

Kuwapeza sikunali kophweka, pakuti alibe chikwangwani. Ndinafunsa mlonda wa pa tchalitchi china, iye n'kundilozera kwa mphunzitsi, mphunzitsiyo n'kundionetsa kalasi yakumapeto. Chovuta kwenikweni chinali kutsegula pakamwa n'kunena chimene ndikufuna. Pakhomopo ndinadutsa katatu ngati ndikudikira munthu. Kenaka bambo wina wachikulire wovala kofia anatuluka nati, "Achimwene, ngati mukufuna ife, lowani, mpando ulipo."

M'katimo munali anthu 9 atakhala mozungulira pa mabenchi a ana asukulu. Aliyense amangotchula dzina loyamba, ndipo lamulo lalikulu n'lakuti zomva m'menemo zimatsala m'menemo, choncho nkhani zawo sindingakufotokozere. Ndingokuuza kuti muli asodzi, muli ogwira ntchito m'maofesi, muli amayi, ndipo wina amachita kutsika ku Namwera pa matola. Ndinkayembekeza ulaliki kapena kukalipiridwa. M'malo mwake munthu wina anayamba kunena mmene ndalama yogwira m'bandakucha inkathera dzuwa lisanafike paliwombo, ndi mabodza amene ankakonzekera panjira yobwerera kunyumba. Anali mabodza anga enieni, mawu ake omwewo. Ndinalira, ndipo palibe anandiyang'ana modabwa.

Amatsata njira ya Alcoholics Anonymous, imene inayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinaona kuti zikamalankhulana chilakolako cha mowa chimachepa. Palibe ndalama yolowera, timangosonkherana ya shuga ndi masamba a tiyi. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti salumbiritsa munthu kuti sadzamwanso moyo wake wonse. Amati lero lokha. Mawa lidzaoneka mawa. Za Mulungu aliyense amazimva monga mwa chikhulupiriro chake, n'chifukwa chake Asilamu ndi Akhristu timakhala benchi imodzi popanda kukangana. Ndipo kuno kwathu zimenezi n'zofunika, chifukwa ambiri amamwa mobisa poopa manyazi kumzikiti kapena kumpingo, mpaka chiwindi chimatha anthu asakudziwa. Bambo wa kofia uja anandipatsa nambala yake. Ndamuimbira kawiri pakati pa usiku, ulendo wina nditaima pafupi ndi bala, ndalama ili m'manja. Anandicheza mpaka ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera kunyumba.

Tsono njirayi ili ndi masitepe 12. Lachisanu ndi chitatu limati ulembe mayina a onse amene unawalakwira, lotsatira limati uwakonzere zimene unawononga. Pa pepala langa mlamu wako ali woyamba, iwe wachiwiri.

Ndalama ija unatumiza chaka chatha ya malata 30 a nyumba ya mayi ako, ndinakuuza kuti mitengo inakwera ndiye ndagula 12 okha. Ndinakunamiza. Yotsalayo ndinamwera, ndipo dzinja lonse mayi ako anagona m'chipinda chodontha chifukwa cha ine. Iwe unkagwira ntchito usiku kumeneko kuti ipezeke. Ndilibe chodzikanira nacho. Pepa, mnzanga.

Mayi ako ndawauza kale ndekha, maso ndi maso. Sanayankhe kanthu, anangondithirira madzi osamba m'manja kuti tidye nsima. Pa malata 18 otsalawo ndagula 4, ali kuseri kwa chitseko chawo, ndipo ndizigula awiri mwezi uliwonse mpaka akwane. Kukhoma ndidzakhoma ndekha mvula isanagwe, kuyambira chipinda chimene amagonamo.

Ngati wakwiya, kwiya ndithu, undiyankhe pamene mtima wako walola. Loweruka m'mawa ndikupita ku Malindi kukaona ana, mlamu wako wavomera kuti ndikhale nawo mpaka masana. Ndidzanyamuka msanga kuti ndikapezeke ku gulu 5 koloko isanakwane.

Ndine mnzako wa kale,
wa kuno ku Mangochi