Lipoti la ulendo wa ku Syracuse kwa komiti ya chionetsero chathu cha zaulimi

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Syracuse, m'chigawo cha New York ku America, kumene munandituma ku msonkhano wa masiku atatu wa oyendetsa zionetsero za zaulimi. Tikiti ya ndege analipira otiitana, ndipo alawansi imene munandipatsa inathera pa malo ogona ndi chakudya, monga mwa malisiti amene ndapereka kwa a msungichuma.

Tsiku loyamba linali la malonje ndi za inshuwalansi. Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la mbiri. M'chaka cha 1807, Elkanah Watson anamangirira nkhosa ziwiri za mtundu wa Merino pansi pa mtengo m'tauni ya Pittsfield, m'chigawo cha Massachusetts, kuti alimi azione, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa chionetsero cha ziweto cha m'dera la Berkshire. Chionetsero choyamba cha chigawo chathunthu chinachitikira ku Syracuse komweko mu 1841. Nditalowa m'khola la ng'ombe zamkaka, ndinapeza mtsikana wamng'ono akupesa mchira wa ng'ombe yake, pamwamba pake pali chikwangwani cha mayina a bambo ndi mayi a ng'ombeyo.

Mwambo wolemba makolo a chiweto unakhwimira pa mahatchi a mjaho otchedwa thoroughbred. Mukatsata mzere wa kuchimuna, onsewo amathera pa mahatchi atatu amene anapita nawo ku England, omwe ndi Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian, ndipo kaundula wawo anayamba kusindikizidwa mu 1791. Tinamvanso kuti pa mjaho woyamba wa Kentucky Derby, mpikisano wotchuka wa mahatchi ku America, mu 1875, okwera 13 mwa 15 anali anthu akuda, kuphatikizapo wopambana, Oliver Lewis. Mphunzitsiyo anangodutsapo, koma ine ndinaimika dzanja kuti abwereze, poti sindinamvepo zimenezi chibadwire.

Mkangano unabuka pa nkhani ya kubetcha. Mijaho imadzaza bwalo, koma New York inaletsa kubetcha mu 1908, ndipo mabwalo a mijaho anatsekedwa mu 1911 ndi 1912, pamene California inaloleza mu 1933, gawo la ndalamazo n'kumathandiza zionetsero. Msonkhano unamanga mfundo yakuti chionetsero chilichonse chidzisankhire chokha, ndipo ine sindinakhutire nayo, chifukwa ndi momwe komiti yosowa ndalama imagonjera amene wabwera ndi chikwama. Kwathu kuno kulibe mahatchi, koma pempho la kampani ya zobetcha lofuna malo a pageti lili pa tebulo lanu, ndipo ndikupempha kuti tilikane, popeza mlimi wogulitsa mbuzi m'mawa adzafika kunyumba chimanjamanja. Amene akuti tilibe kwina kopeza ndalama ayambe afotokoza chifukwa chake alimi amene anapambana chaka chatha sanalandirebe makasu ndi mbewu zimene tinawalonjeza pamaso pa mafumu. Ndalemba makalata awiri pa nkhaniyi popanda yankho, ndipo ndine amene ndimakumana nawo pamsika.

Tsiku lomaliza linali la zisankho za atsogoleri awo. Pempho langa n'lakuti pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa tikambirane zotsegula kaundula wa mbuzi ndi ng'ombe zobwera ku chionetsero, momwe tizilembamo mwini wake, mudzi, tonde kapena nkhunzi imene inabereka, ndi kulemera kwake. Buku la ntchitoyi ndagula kale ndi ndalama yanga.