Kalata kwa Makolo Potseka Teremu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Teremu yatha bwino. Mwana aliyense wanyamula lipoti lake pamodzi ndi kalatayi, ndipo tsiku lotsegulira komanso za fizi zalembedwa kuseri kwa lipotilo.

Ndiyambe ndi kupepesa. Ena mwa inu munafika ku ofesi kudzadandaula kuti ana a Fomu 3 ankabwera kunyumba kutada kale kwa masiku angapo. Dandaulo lanu ndi lomveka, tinalakwa posakudziwitsani kaye. Koma mundilole ndikuuzeni chomwe chinkawachedwetsa.

Aphunzitsi a sayansi anabwereka telesikopu yaing'ono, makina oonera zinthu zakutali kumwamba, ndipo ana ankayang'ana Jupiter, pulaneti yaikulu kuposa onse ozungulira dzuwa. Ndi chimpira cha mpweya, mulibe nthaka yoti munthu n'kupondapo. Pambali pake pamaoneka timadontho tinayi towala, tondandalikana pamzere. Imeneyo ndi miyezi yake ikuluikulu: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Katswiri wa sayansi Galileo Galilei anaiona mu 1610 ali ku Italy, ndipo inamutsimikizira kuti si zonse zakumwamba zimazungulira dziko lathuli monga ambiri ankakhulupirira.

Usiku uliwonse ana ankajambula timadonthoto m'kope, mawa lake n'kupeza kuti tasinthana malo. Io amazungulira Jupiter m'maola pafupifupi 42 okha, pomwe Callisto amatenga masiku pafupifupi 17. Tsiku lina tinaoneka titatu basi. Mtsikana wina anati galasi lawonongeka, n'kuyamba kulipukuta ndi mpango. Linali bwinobwino, kungoti mwezi umodzi unali utabisala kuseri kwa Jupiter.

Chomwe chinandisangalatsa ine ndi mkangano womwe unabuka. Mwana akalozetsa telesikopu bwinobwino, pakangopita kanthawi Jupiter ankasendera m'mbali mpaka kusowa. Ana anayamba kulozana zala kuti wina wagwedeza miyendo ya makinawo. Panalibe anagwedeza. Dziko lomwe tapondali ndi lomwe limatembenuka, ndipo limatitenga ife ndi telesikopu yomwe. Zili ngati mukakhala m'minibasi padepoti, ya pambali panu ikanyamuka mumayesa kuti yanu ndiyo ikubwerera m'mbuyo. Ngakhale mutakhala phee pakhonde, dziko likuthamanga nanu makilomita pafupifupi 30 pa sekondi pozungulira dzuwa. Nkhani imeneyi ndaiona ikuvuta ana zaka zambiri pabolodi, koma usiku umenewo ngakhale aja okhala kumbuyo m'kalasi anaimva. Kunena zoona, nanenso ndinaima pamzere kudikira kusuzumira.

Akakuuzani kuti pansi pa madzi oundana a pa mwezi uja wa Europa akatswiri akuganiza kuti pali nyanja, musati akunama. Bungwe la ku America lofufuza za kumwamba la NASA linatumiza chombo chotchedwa Europa Clipper mu 2024 kuti chikafufuze zimenezo, ndipo chikuyembekezeka kukafika mu 2030, ana athuwa atamaliza kale sekondale.

Telesikopu ija tinabweza kwa eni ake. Ngati pakhomo panu pali magalasi oonera patali, ngakhale akale, tibwerekeni teremu ikubwerayi, chifukwa nawonso amaonetsa miyeziyi ukawatsamiritsa pa chinthu chosagwedera. Ulendo uno tidzakulemberani kaye, ndipo mwana aliyense adzaperekezedwa mpaka pakhomo. Amene mungafune kudzasuzumira nawo, bwerani ndi juzi, pabwalo lathu pamazizira.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu