Dandaulo langa kwa a garaja amene anaphwasula injini ya AG200 yanga pa boma la Mchinji

Bwana Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni yanga simukuyankha, ndikabwera pa garaja anyamata anu amangoti bwana atuluka, kaya apita ku Lilongwe kaya ku Chipata. Nkhani ndi ya njinga yanga yamoto, Yamaha AG200 ija yophwanyika thanki mbali ya kumanzere, imene munakonza injini mwezi wa Epulo ndikulipira K240,000 pa Airtel Money. Meseji ndili nayo, lisiti ndili nalo, koma pa lisitipo pangolembedwa kuti kukonza injini basi, osanena kuti mwasintha chani komanso chilichonse ndi ndalama zingati.

Njingayi ndi yakale inde, ndinagula kwa mlangizi wina atapuma ntchito, koma aliyense kuno akudziwa kuti ma AG200 ndi amene alangizi ndi amabungwe akhala akuyendera m'midzi zaka zonsezi chifukwa salephera msanga, olo tcheni chake anachitsekera m'kabokosi kuti fumbi lisachidye. Nde nkhani yoti madala njinga yanu yatopa mungogulitsa, imene mnyamata wanu anandiuza pamaso pa anthu, isabwerenso chonde.

Tsiku lomwe ndinabweretsa ndinafotokoza bwinobwino. Ikaipatsa moto imatulutsa utsi wabuluu ku ekizozi, oyilo amatha msanga, komanso pansi pa injini pamamveka kugogoda kolemera, gu gu gu, makamaka ndikanyamula thumba la soya pa mtunda. Makaniki wanu anangoiliza kamodzi, kuponda kiki, kumvetsera pang'ono nkuti awa ndi maring'i madala, mudzatenge mawa. Ndinafunsa za kugogodako, akuti zitha zokha tikasintha pisitoni. Geji yoyezera kompuresheni sanatenge, oyilo sanamuone, olo fyuluta ya mpweya sanatsegule.

Nditaitenga ndinayendetsa mwaulemu monga munanenera, osathamanga osanyamula katundu, koma sabata isanathe ndili pa msewu wa ku Mkanda utsi uja wabwerera, anthu a njinga zakapalasa kumbuyo akuchita kutseka mphuno, pulagi ndikamasula yakuda bii yonyowa ndi oyilo, kugogoda nde kwachita kuwonjezeka. Nditabwera kudzadandaula yankho lake linali loti mwina mumathira oyilo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu. Aaa bwana, oyilo amene anali mu injinimo ndi wanu womwe, 20W-50 amene munathira nokha nkundilipiritsa, ine ndinali ndisanatsegule nkomwe.

Nde ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire pa Kamwendo amene wakhala akukonza njinga za alangizi kuyambira kale, ndipo zonse anachita ine ndikuona. Choyamba anamanga geji ya kompuresheni pa bowo la pulagi, ndikuponda kiki, muvi unakwera pang'ono chabe. Kenako anathira kasupuni kakang'ono ka oyilo pa bowo lomwelo, kuyezanso, muvi unadumpha. Anandiuza kuti izi zikusonyeza kuti mpweya ukuthawira m'mbali mwa pisitoni, chifukwa oyilo uja watseka mpata kwa kanthawi, akanakhala mavalavu muvi ukanakhala pomwepo. Ntchito imeneyi sitenga olo mphindi khumi bwana, ndipo anyamata anu akanaichita asanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Anakhetsa oyilo mu beseni nkuika padzuwa. Munali tizitsulo tonyezimira mbee, atalowetsa maginito tinatuluka titamatirira ngati ndevu. Mu sefa ya oyilo munali tizidutswa ta silikoni wofiira, ndipo atachotsa hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini) ndi buloko ya silinda tinaona komwe tachokera, gasiketi ya pansi pa buloko ndi yakale yomwe ija, mwangoipaka silikoni mbali zonse nkubwezera. Chonsecho munandiuza kuti mu ndalama ija muli seti ya magasiketi. Silikoni wotere akatseka kanjira kopita oyilo ku hedi ndiye kuti kamu, shafuti yotsegula mavalavu, yapsa, bwenzi pano tikukamba zina.

Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi silinda. Bambo aja anandigwira dzanja nkuti yendetsani chikhadabo m'katimu. Chakumtunda, pamene ring'i imathera, chikhadabo chimakodwa pa kamzere kokwera, ndipo mbali imodzi muli mikwasa yotsika pansi yooneka ndi maso. Anatenga ring'i yanu yatsopano ija, kuilowetsa yokha mu silinda, kuikankha ndi pisitoni kuti ikhale mowongoka, nkuyeza mpata wa pakati pa nsonga zake ndi timalata topyapyala toyezera mipata. Pa injini yaing'ono ngati iyi mpata umenewu umakhala wosakwana theka la milimita, koma kokhuthala 1 mm kanalowa kopanda kukakamiza. Pamwamba pa pisitoni palembedwa STD, kutanthauza saizi ya ku fakitale ya 67 mm, pomwe bowo la silinda linakula kalekale ndipo silinadyeke mofanana. Ring'i yozungulira bwino singagwire khoma loterolo olo itakhala orijino. Mwasoka chigamba chatsopano pa thumba lofumbwa, nkundilipiritsa mtengo wa thumba.

Kugogoda kuja nako sikunali kwa pisitoni. Bambo aja anagwira koni rodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kiranki, nkuikoka m'mwamba ndi pansi, ikuchita kulira khwe khwe, ine ndinayesanso ndekha. Kusewera pang'ono cham'mbali nkololedwa akuti, koma m'mwamba ndi pansi ayi, ikatero ndiye kuti beringi ya pa kiranki yatha, ndipo tizitsulo ta mu beseni tija tikuchokera pamenepo. Apa ndi pamene sindikumvetsa. Makaniki wanu anachotsa buloko, koni rodi inali pamaso pake poyera, anaigwira ndi manja pomanga pisitoni, nde anaona nkungokhala chete kapena sadziwa kuti imayezedwa? Zonse ziwiri nzoopsa kwa munthu amene akukwera njingayo, chifukwa beringi imeneyi ikagwira uli pa liwiro tayala lakumbuyo limatha kuuma pompo, ndipo pa M12 pamene pamadutsa mathiraki a ku boda ya Mwami inu mukudziwa chomwe chingachitike.

Fyuluta ya mpweya nayo tinaipeza yong'ambika, siponji youma gwa yopanda oyilo, ku kabuleta kuli fumbi lofiira. Ndi fumbi limeneli lomwe limadya silinda, makamaka Seputembala ndi Okutobala misewu yathu ikauma, nde garaja ya ku Mchinji kuno yosintha maring'i osayang'ana fyuluta, kaya.

Njira zokonzera zinalipo, ndipo zimenezi ndi zomwe munayenera kundikhazika pansi nkundiuza ndisanatulutse ndalama. Silinda imatumizidwa ku Lilongwe kwa a makina kukaibowa kuti ikule pang'ono, 0.25 kapena 0.50 malinga ndi kuzama kwa mikwasa, ndipo umapita ndi pisitoni ya ovasaizi yomweyo kuti abowe moyeza iyoyo. Ikakhala kuti inabowedwa kale mpaka kumapeto amaika silivu, khoma latsopano la m'kati mwa silinda, apo ayi umagula buloko ina yathunthu. Za koni rodi ndi ntchito yokulirapo chifukwa injini imagawidwa pakati, kiranki imapita pa pulesi kuti achotse pini yakale nkuika kiti yatsopano, kenako aiwongole isamagwedezeke. Palinso njira yongogula injini ya sekandi, ngakhale imeneyo ine sindiikonda, umagula matenda a munthu wina osawaona. Zonsezi ndi ndalama zambiri ndikudziwa, koma chisankho chinali changa. Mukanandiuza zoona ndikanaimika njinga, kudikira ndigulitse soya ndi mtedza, nkukonza kamodzi. Pano ndalama yapita, nyengo yogulitsa ndadutsa ndikulipira akabaza kunyamula matumba kupita nawo pa Kamwendo, maring'i atsopano aja akandika kale ndi khoma lija moti sangabwererenso mu injini, ndipo ntchito yeniyeni siinayambe.

China, masipeyala akale amene munachotsa ali kuti? Ndinapempha pisitoni yakale ndi maring'i ake tsiku lomwelo, akuti tataya. Kabokosi ka pisitoni yatsopano nako sindinakaone, chonsecho munanditchaja mtengo wa orijino. Sindikunena kuti ndi feki, ndikungofuna ndione kabokosi kapena lisiti la kumene munagula.

Chomwe ndikufuna ndi ichi bwana. Mundibwezere ndalama ya leba yonse, ya magasiketi amene simunaike, ndi ya maring'i ndi pisitoni popeza munaika saizi yolakwika osayeza. Ya oyilo ndi pulagi sungani. Ngati mukuona kuti kubweza nkovuta, ndiye mulipire kubowa silinda ku Lilongwe ndi pisitoni ya ovasaizi, za koni rodi ndilipira ndekha poti inali yakutha kale, koma womanga akhale bambo a pa Kamwendo aja osati anyamata anu. Injini ili chiphwasulire m'katoni kwawoko, silinda, ring'i, gasiketi ya silikoni ija ndi oyilo wa tizitsulo tasunga mu botolo, mukhoza kubwera ndi makaniki wanu mudzayeze nokha, zithunzi ndatumiza kale pa WhatsApp yanu ndipo zikuoneka kuti mwaziona.

Ndidikira yankho lanu mpaka kutha kwa mwezi uno. Kupanda apo ndikapereka lisiti, meseji ya malipiro ndi zithunzizi ku Competition and Fair Trading Commission, amene amalandira madandaulo a ogula, ndipo pa gulu lathu la alimi a njinga kuno akandifunsa kuti ku garaja ija zinayenda bwanji ndiwauza mmene zilili.

Ndine kasitomala wanu,
Mwini AG200 wa ku Mkanda