Mapepala a nyimbo si okulungira usipa

Mkonzi,

Loweruka lapitali ndinagula usipa mumsika wa Zomba, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti pepala limene anandikulungira linali la manotsi a solofa olembedwa pamanja. Kalembedweko ndinakazindikira nthawi yomweyo. Malemu mphunzitsi wathu wa kwaya ankapeka maimbidwe ndi cholembera cha buluu, ndipo mnzawo, mkulu wa mpingo, ankaika mawu pansi pa manotsiwo ndi pensulo, kufufuta ndi kubwereza mpaka liwu lililonse ligwirizane ndi kukwera ndi kutsika kwa Chichewa. Pepala limeneli linali litanyowa mafuta, mzere wa besi sukuwerengekanso.

Nditafunsa, ndinauzidwa kuti komiti ya mpingo, posesa chipinda cha katundu, inagulitsa makatoni onse a mapepala a nyimbozo pa kilo. Ntchito ya anthu awiri ya zaka zoposa 20 inayezedwa pasikelo ngati chimanga chofumbwa, ndipo palibe anaganiza zofunsa mabanja awo kapena ife amene tinaziimba pamaliro ndi paukwati. Zimenezi zandiwawa kwambiri, chifukwa nyimbozi sizinajambulidwepo, ndipo ambiri a ife amene tikuzikumbukira tsitsi layera.

Chochititsa manyazi n'chakuti zachitikira mu Zomba, mzinda umene wakhala ndi nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino, National Archives, kuyambira 1947. Ku America, zolemba za George Gershwin ndi mkulu wake Ira, wina wopeka maimbidwe wina wolemba mawu, zimasungidwa ku nyumba yaikulu ya mabuku ya boma, Library of Congress, ndipo zina zitapezeka m'nyumba ya katundu ku Secaucus mu 1982 akatswiri anathamangirako. Kuno lamulo limalamula kuti buku losindikizidwa kope lake liperekedwe ku Archives, koma nyimbo zambiri za makwaya athu zili m'makope a sukulu amene chiswe ndi chinyezi cha m'tsinde mwa phiri chikudya mwakachetechete.

Ndikupempha atsogoleri a mipingo, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso la COSOMA ndi unduna woona za chikhalidwe kuti alankhulepo. Mpingo uliwonse usatayenso pepala la nyimbo usanalijambule, ngakhale ndi foni, ndipo zolembedwa pamanja ziperekedwe kosungira zakale zili ndi mayina a onse awiri, wa maimbidwe ndi wa mawu. Amene anagula makatoni aja andithandize, ndidzawaombola ndi ndalama zanga.

Woimba kwaya wakale,
Chinamwali, Zomba