Chimbale cha Glenn Hughes chandikumbutsa mkangano wa ku Wusakile

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ndikudziwa kuti tsamba lino anthu amadandaulirapo za mitengo ya feteleza, misewu yokumbika ndi kuzimazima kwa magetsi, ndiye ena aona ngati mdala uyu wasowa chochita. Koma ndiloleni lero ndiyamikeko woyimba wina, mzungu wa ku England dzina lake Glenn Hughes, ndi chimbale chake cha Soul Mover chomwe chinatuluka mu 2005. Ine chandipeza mochedwa, Khirisimasi yapitayi, koma kuyambira pamenepo sichinatulukemo m'galaja mwanga.

Ndine makaniko, zaka zanga zapitirira 60. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, koma ndinabadwira ku Kitwe, bambo anga akugwira ntchito mumgodi wa Nkana. Tinkakhala m'komboni ya Wusakile. Achimwene anga, omwe ankandiposa ndi zaka 6, atalandira malipiro awo oyamba sanagule nsapato kapena jekete monga anzawo. Anabwera ndi galamafoni yogwirapo kale ntchito pamodzi ndi malekodi atatu, ndipo imodzi inali Burn ya gulu la Deep Purple, ya mu 1974. Pachikuto panali makandulo asanu akuyaka, lililonse lili ndi nkhope ya munthu. Mayi atangoona anagwira pakamwa, amvekere: "Zaufiti izi zisagone m'nyumba mwanga." Lekodiyo inagona masiku atatu m'khola la nkhuku, itakulungidwa m'pepala la pulasitiki, mpaka bambo anaikapo mawu.

Mulekodi imeneyo munali mawu a anthu awiri. Wina anali David Coverdale, wa mawu akuya, amphamvu ngati a bambo wamkulu. Ndiye panali wina amene ankangotulukira pamwamba pa mnzakeyo, n'kukwera, n'kukwerabe, mpaka iwe womvera kugwira mpweya kuopa kuti khosi limuthyokera. Ameneyo ndiye anali Hughes, ndipo ankatero uku akuliza gitala ya besi. Anali mnyamata wa zaka 22 basi, atangochoka ku gulu lina laling'ono la kwawo lotchedwa Trapeze.

Mkangano unayamba kumapeto kwa chaka chomwecho, Deep Purple itatulutsa Stormbringer. Achimwene anaigula ali ndi chimwemwe, anaimvera kamodzi, nkhope n'kugwa. Iwo mtima wawo unali pa Ritchie Blackmore, woliza gitala wa gululo, ndipo ankafuna nyimbo zothamanga, zong'amba makutu. Apa anapezamo besi yodumphadumpha, nyimbo zoti munthu n'kugwedezera chiuno. Mu 1975 Blackmore anachokadi m'gululo n'kukayambitsa lake la Rainbow, ndipo sankabisa kuti funk imene anzake analowetsamo sinkamusangalatsa. Kwa achimwene mlandu unathera pomwepo: Hughes wawononga Deep Purple. Anandiponyera lekodiyo pabedi, amvekere: "Tenga, n'zako izi zovinira."

Ine ndinali mwana, sindikanatha kutsutsana nawo pamaso. Koma mumtima ndinkadabwa kuti chachilendo n'chiyani. Ifetu ku Copperbelt kusakaniza kumeneku tinali titakuzolowera. James Brown anali atabwera kudzayimba ku Zambia mu 1970, ndipo mnyamata aliyense ankayesera kutsetsereka ndi phazi limodzi ngati iye. Magulu athu omwe, WITCH ya Jagari Chanda wa ku Kitwe komweko, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Ngozi Family ya Paul Ngozi amene nyimbo zina ankayimba m'Chinyanja chathu chomwechi, onsewa ankatenga gitala yaukali ya azungu n'kuikhazika pa besi ndi ng'oma zovinitsa. Lero akuti Zamrock, ndipo ndamva kuti achinyamata a ku Ulaya akulimbirana malekodi ake. Ife tinkangoti nyimbo. Ndiye Hughes atachita zomwezo kuchokera mbali ya kwawo, kwa ine anali ngati mnansi amene waphika ndiwo zomwe ife timadya kale.

Zimene zinamuchitikira pambuyo pake n'zomvetsa chisoni, ndipo mwiniwake sazibisa. Deep Purple inapasuka mu 1976. Tommy Bolin, amene analowa m'malo mwa Blackmore ndipo anali mnzake wapamtima wa Hughes, anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 25, mankhwala ozunguza bongo atamupitirira. Hughes naye kokeni anamugwira pakhosi kwa zaka zambiri. Mu 1986 anayimba m'chimbale cha Black Sabbath chotchedwa Seventh Star, koma ulendo wokayimba m'mizinda utangoyamba anamutsitsa panjira. Ife tinali titabwerera kale ku Malawi mu 1984, ndipo ine ndinkamuwerengera m'gulu la anthu omwe anatha. Sindinadziwe kuti m'zaka za m'ma 1990 mkuluyu anasiya zonsezo n'kudzukanso.

Amene anandidziwitsa ndi mwana wa mlongo wanga. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Wolverhampton, ndipo pobwera kutchuthi anandipatsa kaphukusi, akuti: "Amalume, mumatchulatchula Deep Purple, ndapeza ichi m'shopu ya kaunjika." Anawonjezera kuti tawuni ya Cannock, kumene Hughes anabadwira mu 1951, ili pafupi kwambiri ndi kumene iye amakhala. Ndinamuthokoza mwaulemu, koma kunena zoona ndinkayembekezera kumva nkhalamba ikuwefuka. Powerengera ndinapeza kuti pomwe chimbalechi chinkatuluka anali ndi zaka 53, theka la moyo wake atalimwaza.

M'galaja mwanga choyimbira ndi wayilesi ya m'galimoto yakale yolowa CD, yomwe ndinailumikiza ku batire, ndipo masipika ndinawachotsa m'zitseko za minibasi ina yomwe mwini wake anaitaya. Tsiku limenelo ndinali pansi pa galimoto ndikumasula giyabokosi. Ndinauza mnyamata wanga wophunzira ntchito kuti aike chimbalecho. Nyimbo yoyamba, ya Soul Mover yomweyo, inayamba ndi gitala yolira ngati chitsulo chikupalidwa, anyamata n'kuyamba kuseka kuti abwana agula phokoso. Kenako besi ndi ng'oma zinalowa pamodzi, zolemera koma zikudumpha. Mawu atatuluka ndinasiya sipanala pachifuwa. Anali omwe aja a ku Wusakile, osachepa ngakhale pang'ono, kungoti tsopano ali ndi mchenga pang'ono pansi pake, mawu a munthu amene wawona zinthu. Ndinakhala pansi pa galimotopo mpaka nyimbo itatha, mafuta akundidonthera pa ovolosi.

Chimene chimagwira chimbalechi ndi anthu awiri: Hughes pa besi, ndi Chad Smith wa gulu la Red Hot Chili Peppers pa ng'oma. Gitala ilimo, ndipo ndi yabwino. Woiliza ndi JJ Marsh wa ku Sweden, ndipo Dave Navarro anabwerekako dzanja monga mlendo. Koma gitalayo si mfumu m'nyumba muno. Woyimba ng'oma za rock wamba amadzaza paliponse, ngati munthu wolankhula osameza malovu. Smith amamenya mwamphamvu, n'kusiya kampata, ndipo m'kampata kameneko ndimo besi imalowa n'kukukankha kumsana. Kwathu ku Dedza, pabwalo la gule, wa mbalule sagunda nthawi zonse. Amadikira phazi la wovina, ndipo kudikirako n'komwe kumautsa fumbi. Mvetserani Orion mudzandiuze ngati si zomwezo. Ine amene ndimakhalira kutchera injini ndikudziwa kuti mphamvu si kuchuluka kwa phokoso ayi. Injini yaphokoso kwambiri nthawi zambiri imakhala yodwala.

Nyimbo yomwe yandigwira mtima kuposa zonse ndi Let It Go. Ndi yaitali, ndipo imayamba pansipansi, mawu akunong'ona, moti ungaganize kuti ndi Stevie Wonder, amene Hughes amamutchula kawirikawiri kuti ndiye anamuphunzitsa kumva nyimbo. Imakwera pang'onopang'ono, osafulumira, mpaka pomwe gitala imagwa ngati denga lamalata likusasuka ndi mphepo, iye ali pamwamba pa zonsezo akukuwa koma osaphonya. Chingerezi changa n'cha m'mabuku a magalimoto, mawu ena amandidutsa. Komabe munthu akamayimba zosiya katundu amene wamulemera zaka zambiri sufuna womasulira. Ya kumapeto, Don't Let Me Bleed, nayo ndi ya mtundu womwewo. Imeneyo ndimaimvera anyamata akaweruka.

Sindinena kuti chilibe chilema. Chapakati pali nyimbo ziwiri kapena zitatu zofanana kwambiri, moti ndikakhala pa ntchito sindizindikira kuti ina yatha, ina yayamba. Komanso mkuluyu ali ndi vuto la anthu a mphatso: sadziwa polekera. Pena nyimbo yafika kale pomwe imapita, iye akukwezabe mawu, ngati mlaliki amene wanena "pomaliza" katatu. Mayi akunyumba amati akamakuwa choncho amakhala ngati waponda moto. Pamenepo sindiwatsutsa.

Amene ndikuwatsutsa ndi aneba anga ena, mkulu wa mpingo, munthu wabwino ndithu, amene anaima pakhomo pa galaja n'kundifunsa ngati pa msinkhu wanga ndayamba kumvera nyimbo za satana. Ndinawapatsa mpando. Ndinawauza kuti kukuwa kumene akumvako sikunachokere kumanda ayi, kunachokera m'matchalitchi a anthu akuda a ku America. Kumeneko n'komwe kunabadwira soul, ndipo rock yomweyo agogo ake ndi blues, nyimbo za zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa. Anyamata a ku England anazimva pa malekodi n'kuzikuza ndi magetsi. Ndinawaikira Let It Go. Anamvera mpaka pakati, anati mawu ali nawo, koma tsitsi lalitalilo ndi lomwe sakugwirizana nalo. Tinasiyana bwino, ndipo njinga yawo yamoto amabweretsabe kwa ine.

Pempho langa likupita kwa owulutsa mawu m'mawayilesi athu. Usiku mumakhala ndi maola ambiri omwe mumangobwereza nyimbo zomwe taimva kale masana. Kodi simungapatuleko ola limodzi pa sabata la nyimbo ngati izi, n'kuikamo Paul Ngozi ndi WITCH, anthu adzimvere okha ubale wake? Tinadikira kuti Giddes Chalamanda afike zaka 90, Patience Namadingo n'kuyimba naye mu 2020, ndiye achinyamata n'kuzindikira kuti m'dziko muno muli munthu wotere. Hughes analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, m'ndandanda wolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, mu 2016 pamodzi ndi anzake a Deep Purple, ali ndi gulu lina la Black Country Communion limodzi ndi woliza gitala Joe Bonamassa, ndipo wadutsa zaka 70 akuyimbabe, koma dzina lake ine sindinalimvepo pa wayilesi kuno.

Achimwene anamwalira mu 1993 ndipo anaikidwa ku Kitwe konko. Stormbringer ija ndinabwera nayo, koma inapindika ndi dzuwa pamwamba pa basi pakati pa Chipata ndi Mchinji, moti chatsala n'chikuto chokha m'sutikesi. Ndikamamvera Soul Mover ndimalakalaka akanakhala pa benchi ya m'galajamu kuti ndiwauze zomwe ndinalephera kunena ndili ndi zaka 14, kuti zovinira zija ndizo zamusunga munthuyu. Ndikuwadziwa, sakanavomera. Akanati gitala yachepa.

Mnyamata uja ankaseka tsiku loyamba wandipempha kale kawiri kuti ndimubwereke chimbalechi akamvere kwawo. Ndamukaniza. Ndinabwereketsapo jeke mu 2019, mpaka lero sinabwere.

Makaniko wa ku Kawale,
Lilongwe