Kalata kwa mwana wanga mzamba

Mwana wanga,

Azakhali ako afika dzulo kuchokera kumeneko ndipo zimene andiuza zandisowetsa tulo. Akuti unagwa m'wodi, anzako n'kukuthira madzi kumaso, ndipo utangotsitsimuka unavalanso magolovesi n'kubwerera kwa mayi amene anali pabedi. Akutinso waonda, yunifolomu ikungolendewera. Pafoni umati zonse zili bwino, ndikafunsitsa umandidula ndi kuseka. Ndiye ndati ndilembe, uwerenge mpaka kumapeto.

Ndikudziwa mmene zilili. Mnzako uja wapita ku UK, wina walowa ntchito ku bungwe ku Lilongwe, wina ali patchuthi cha uchembere, mwatsala awiri. Koma amayi oyembekezera sanamve kuti azamba achepa, akubwerabe usana ndi usiku. Sikelo ndi yako, leba ndi yako, ongobadwa kumene ndi ako, malipoti a pamwezi ndi akonso. Ukamaliza naiti, m'malo mopita kukagona ukutenganso lokamu, ntchito yapadera yolipidwa ija. Iwe, unayamba liti kukhala chitsulo?

Ine izi ndinaziona ndi maso angawa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ankapita ku Britain ali piringupiringu, ife otsala tinkagwira ntchito ya anthu atatu. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain komanso Global Fund, linatiwonjezera malipiro ndi 52 peresenti kuti tisachoke. Zinathandiza, sindikana, malata a nyumba inoyi anachokera pamenepo. Koma kutopa kunali pompo. Panali mnzanga wina, namwino wosamala kuposa tonsefe, amene atagwira naiti zotsatizana anasokoneza mankhwala a odwala awiri. Mulungu anachitira chifundo, palibe anamwalira. Koma atamuitana kukayankha, anaima yekha, ndipo kuyambira pamenepo manja ankamunjenjemera akagwira jakisoni mpaka anasiya ntchito.

Mantha anga ndi amenewo. Usiku wina mayi adzayamba kutaya magazi, iwe maso akulemera, BP sunayeze nthawi yake, partograph, pepala lolembapo mmene leba ikuyendera lija, ukudzaza m'mawa kuchokera m'mutu. Usandiuze kuti sizingachitike, zimachitikira amene atopa, ngakhale akhale waluso chotani. Laisensi ya ku Nurses and Midwives Council ili ndi dzina lako lokha. Ndipo laisensiyo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi kuuza bambo pakhonde kuti mkazi wake watisiya. Mtima wako ndimaudziwa, sungapirire.

Unali choncho kuyambira kale. Uli Sitandade 8 unabisa malungo sabata yathunthu kuopa kujomba, mpaka tinakunyamula panjinga ukubwebweta. Bambo ako akanakhala moyo bwenzi akwera kale basi kudzakukalipira pamaso pa anzako. Nthawi ya kolera ija, 2022 mpaka 2023, pamene anthu oposa 1,700 anamwalira m'dziko muno, unkagona kutenti ndipo sindinakuletse, ndinkangopemphera. Uja unali mliri, unafika n'kupita. Kuchepa kwa antchitoku sikudzatha mwezi wamawa, ndiye sungakuthamangire ngati mliri.

Lokamu isiye. Ndabwereza, isiye, kapena tenga imodzi pamwezi basi. Ndikudziwa ukutengera fizi ya mlongo wako ndi feteleza wanga. Inde zinthu zinakwera, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama sikhala m'manja. Koma mtedza ulipo m'nyumba matumba angapo, ndigulitsa, ndipo malume ako alonjeza kuthandiza teremu ikubwerayi. Ukanditumizira ndalama pa Airtel Money mwezi uno ndikubwezera tsiku lomwelo, ndipo ndikwiya. Mlongo wakoyo ndi wamkulu, patchuthi agwire ganyu.

Kuntchito usamangodandaula ndi pakamwa. Lemba. Tsiku lililonse limene watsala wekha m'wodi lemba m'buku la lipoti: odwala analipo angati, unayamba nthawi yanji, unaweruka nthawi yanji. Lembera a incharge kalata yopempha munthu wina, kope lake usunge. Ukamanyamula zonse mwakachetechete, akuluakulu amaona ngati awiri akukwana, ndiye atumizirenji wachitatu? Ku NONM, bungwe lanu la anamwino ndi azamba, umasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, pita ukawauze. Ulemu usataye, koma mawu oti "sindingathe, ndatopa" si mwano.

Zakumwa za m'zitini zoletsa tulo zija, azakhali ako aziona pawindo pako. Taya. Mtima ukamagunda pafupipafupi ndi zimenezo, ndipo iwe ukudziwa bwino kuposa ine. Idya nsima yeniyeni, osati mandasi ndi tiyi woimirira. Tsiku la ofu foni uzimitse, zovala zidikire, ugone. Gona, mwana wanga.

Bambo a mwana ndalankhula nawo, nawonso akuda nkhawa koma akuopa kukuuza, akuti umangopsa mtima. Usawakalipire, ndine ndinawafunsa. Mdzukulu wanga ndimutenga sukulu akatsekera adzakhale kuno, mbuzi zaswa, asangalala.

Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndikubwera ndi ufa ndi nkhuku. Undiuze ngati uli pa naiti kuti ndidzafikire kwa azakhali ako. Kope la kalata ya kwa a incharge ija ndidzafuna kuliona.

Ndine mayi ako.