Zikomo kwa ogulitsa gasi amene anabwera titawaitana

Kwa a Manejala,
Sitolo yogulitsa gasi wophikira,
Chipata.

Bwana,

Kalatayi ndailemba poyera kuti anthu aiwerenge, chifukwa zimene anatichitira mnyamata wanu sabata yatha si zoyamikira kumbali.

Poimba foni kwa inu sindinkayembekezera kanthu. Ife a ku Kapata tinazolowera. Ukapita ku ofesi ndi vuto, amati amene amasaina apita kumaliro ku Katete. Ukabwereranso, akuti kompyuta yafa, bwerani Lolemba. Ukaimba foni imalira mpaka kuduka yokha. Pa nkhani ya gasi yomweyi, kumene ndinkadzazitsa kale ndinawabwezerapo silinda nditamva fungo. Mnyamata wa pamenepo, maso ali pa foni, anati, "Amai, ndiye gasi ameneyo, mufuna azinunkhira ngati mafuta odzola?" Anzake n'kuseka. Ndinalipira njinga popita ndi pobwera, silinda yomweyo. Dzina sinditchula, akudzidziwa okha.

Ambirife gasi sitinamulowe mwa kufuna. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, malaiti ankasowa usana wonse mpaka usiku, thumba la malasha nalo n'kukwera mtengo. Tinagula masilinda, koma panalibe wotikhazika pansi kutiuza chimene talowetsa m'nyumba.

Tsikulo madzulo malaiti anali atapita. Mdzukulu wanga anabwera atatseka mphuno, akuti m'khitchini mukununkha mazira owola. Nditasuzumira ndinamva kamluzu kochokera kuseri kwa sitovu. Ndinaimba nambala ya pa risiti, mtima utakonzeka kale kumva kuti tatseka, mubwere mawa.

Mnyamata wanu sanafunse ngakhale dzina langa. Anati, "Amai, muli m'nyumba kapena panja? Tulutsani anthu onse, tilankhule muli pabwalo." Kenako anandiuza chimodzichimodzi, osathamanga. Musayatse kandulo kapena machesi. Switchi iliyonse musaikhudze, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Mbaula ya aneba ikhale kutali. Zitseko zonse zikhale pululu. Ngati silinda ili pofikirika, tsekani regulator, kotsekera gasi ka pamutu pa silinda, n'kutuluka, foni muisiye panja. Ndipo anakumbukira chimene aliyense akanaiwala mu mdima uja: malaiti akhoza kubwera nthawi iliyonse, firiji n'kudzidzimuka yokha, kamoto kake kakang'ono n'kukwanira. Poti bokosi lathu la mita lili panja, anati nditsitse switchi yaikulu malaiti asanabwere. Anatinso moto ukaoneka ndisadikire iye, ndiimbe 993 kwa ozimitsa moto.

Galimoto yanu inali itatuluka, ndiye anabwera pa njinga yake, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ino.

Apa ndiye pali nkhani yanga yeniyeni. Apongozi anga ndi okalamba, miyendo inafooka. Tinawanyamula n'kuwakhazika pansi pa mtengo wa mango, ndi chitenje chimodzi chokha, akunjenjemera ndi mphepo ndi mantha omwe. Mnyamata wanu atalowa m'nyumba n'kuona kuti gasi watsekedwa bwino, sanayambe ndi zida zake. Anapita kwa agogo, n'kugwada, n'kuwomba m'manja: "Agogo, mwachoma bwanji?" Anavula jekete la kuntchito n'kuwafunditsa. Agogo anamukalipira, akuti inu ndi amene mukugulitsa mabomba m'makomo mwa anthu, chichotseni chinthucho tibwerere ku mbaula. Iye osakwiya, osaseka. Anakhala pa njerwa pafupi nawo n'kuwafotokozera m'Chinyanja chawo, mokweza pang'ono poti makutu anayamba kuvuta, kuti gasi payekha alibe fungo, fungolo amachita kuthiramo dala kuti mphuno itichenjeze. "Ndiye mdzukulu wanuyu wagwira ntchito yaikulu lero," anatero. Mwanayo mpaka pano akuyenda chifuwa chili patsogolo.

Anatiuzanso kuti gasi wa m'mapaipi amene amagwiritsa ntchito kumaiko ena ndi wopepuka, amakwera m'mwamba, koma wathu wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya. Amayenderera pansi ngati madzi n'kukhazikika m'makona, pomwe ana amayala mphasa. N'chifukwa chake kutsegula mawindo okha sikukwanira, pamafunika zitseko. Ndinayang'ana pamene adzukulu anga amagona, thupi langa lonse n'kuzizira.

Fungo litatha anapempha sopo ndi madzi m'kapu, n'kupaka thovu pa paipi ndi polumikizira ponse. Pamene paipi inang'aluka, pafupi ndi sitovu, thovu linayamba kufufuma. Anatiitana tonse kuti tione ndi maso athu, kuti tsiku lina tidzayese tokha, ndi sopo osati ndi machesi monga amachitira ena olimba mtima. Zotsalazo anakonza mwa ntchito yake, anasintha zoyenera kusintha, silinda n'kuiimika chilili pamalo opita mphepo. Ndalama ya paipi anandilembera risiti. Nditamupatira kenakake ka sopo anabweza ndi manja awiri. Chimene analandira ndi nsawa za chalimbana zimene agogo anamukakamiza, iwo omwe aja ankamutcha wogulitsa mabomba. Jekete analitenga titawalowetsa m'nyumba.

M'mawa mwake anaimbanso foni kufunsa ngati fungo labwerera. Ndinayamba ndafunsa kuti ndani, poti m'tauni muno wogulitsa akakuimbira ndiye kuti uli ndi ngongole.

Ogulitsa gasi amapachika laisensi ya Energy Regulation Board, bungwe la boma lowayang'anira, pakhoma, ena mpaka m'felemu yagalasi. Zabwino. Koma ena mwa iwo akanabwereka mnyamata wanuyu tsiku limodzi lokha, aone mmene amayankhira munthu wamantha. Amai a m'chigwirizano kutchalitchi kwathu andifunsa kale kumene ndikudzazitsa tsopano, ndipo ndawauza. Pempho langa ndi lakuti zimene anatiphunzitsa pabwalo paja muziwauza anthu pogula pomwe, silinda isanakwere njinga. Ndipo mukafuna kumukweza pantchito mukwezeni, koma chonde musamutumize ku Lusaka.

Ine kasitomala wanu,
Mayi wa ku Kapata